Nsungwi ya pa Chilwa si khasu

Ndikukumbukira kuti ndili ndi zaka khumi ndi zitatu ndinkadziona ngati mwamuna wathunthu chifukwa cha khasu. Kwathu ku Namitambo dothi la kumtunda limauma gwa, ndipo wotsiriza ndime msanga ndi amene amatema mwamphamvu. Ine ndinkatema mpaka mpini kulira. Ndiye pamene atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anabwera pa tchuthi cha Pasaka nati ndiwaperekeze ku nyanja ya Chilwa kumene ankapha nsomba, ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti ntchito yake ndi yotani. Mvula inali itangoleka, chimanga chikuuma m'minda, nyengo imene iwo ankati milamba imakhala yonona.

Nyanja ija inandigwiritsa mwala. Ndinkayembekeza madzi oyera, koma ndinapeza otuwa ngati otsukira mbale, ndipo nditalawa ndinamva kamchere. Kufupi ndi gombe ankangolekeza m'mawondo. Mumtima ndinati, nyanja yotchuka ija n'kukhala imeneyi? Asodzi akumeneko ankayendetsa bwato pokankha ndi nsungwi yaitali yofika pansi. Tsiku loyamba atsibweni atandipatsa nsungwiyo, ndinaibaya ndi mphamvu zanga zonse zakumunda. Inalowa m'matope n'kukanirira momwemo. Asodzi anzawo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Atsibweni ake, mwatibweretsera mlimi wa chinangwa?" anakuwa mmodzi. "Akufuna aunde mizere m'madzi muno?"

Atsibweni sanaseke nawo. Anati, "Usabaye, mphwanga. Ingoitsamiritsa pansi, kankha, kenako uipotokole isanagwidwe. Pansi pano palibe dothi loti ulimbane nalo."

Ndinagwedeza mutu, koma sindinakhulupirire. Manyazi anasanduka mkwiyo, ndipo kwa masiku awiri otsatira nsungwi ija sindinaikhudzenso. Ndinkangokhala kutsogolo kwa bwato n'kumakapa madzi, tsinya lili pamphumi.

Tsiku lachinayi m'mawa tinadutsa mabango onse n'kufika poyera, pamene gombe limaoneka ngati ulusi. Atsibweni ankakoka chingwe chawo cha mbedza zambiri. Mlamba wina waukulu utalowa m'bwato unaphiriphitha, ndipo munga wake unawabaya pachikhatho cha dzanja lamanja n'kuthyokera momwemo. Anamanga dzanjalo ndi malaya, koma magazi ankadonthabe. Posakhalitsa zala zinatupa. Anakhala pansi m'bwato, msana atatsamira, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Tenga nsungwi," anatero motsitsa mawu. "Tipite kumtunda."

Ndinayang'ana uku ndi uku, bwato lina kunalibe. Mphepo inali itayamba, ndipo inkatikankhira pakati pa nyanja. Ndinadziwa kuti ndikalephera ine, atsibweni sakafika kuchipatala tsiku limenelo. Mantha anandigwira, ndipo mikono yanga inachita zimene inazolowera: ndinabaya. Nsungwi inakanirira, bwato linapitirira, ine osafuna kuisiya. Ndinangozindikira ndili khuvu m'madzi. Madziwo anali ofika pachifuwa, koma miyendo inamira m'matope, ndipo ndikati ndizule mwendo umodzi, winawo unkalowa kwambiri.

"Usaponde!" anakuwa atsibweni, akundiponyera chingwe ndi dzanja lamanzere. "Gona pamadzi! Gwira chingwe, koma nsungwi usaisiye!"

Ndinagona chafufumimba, madzi amchere aja akundilowa m'mphuno, ndipo miyendo inatuluka pang'onopang'ono. Inatsala nsungwi. Ndinaikoka, osatheka. Ndinaikokanso ndikutukwana, osatheka. Kenako, chifukwa nzeru zina zonse zinali zitatha, ndinaipotokola. Inazuka mosavuta ngati dzino logwedera. Ndinachita manyazi ngakhale kuti panalibe wondiseka.

Nditakwera m'bwato ndinaima kumbuyo, matope akuyenderera m'miyendo, ndipo ndinadzilumbirira kuti sindigwanso. Kutsamiritsa, kukankha, kupotokola. Ndinkatchula mawu atatuwo mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Bwato linkayenda mokhotakhota, mphepo ikulibweza, ine n'kuliwongola. Kawiri konse mikono inafuna kubwerera ku khasu, ndipo ndinaima kaye, n'kupuma, n'kuyambanso mofatsa. M'manja munatuluka matuza m'malo amene mpini sunkakhudza. Ndinalira, sindibisa, koma ndinkalira ndikukankha. Atsibweni anangotseka maso, nthawi zina n'kunena kuti, "Eya, choncho," ngati kuti tikupita kukaona miono yokolera nsomba tsiku wamba.

Tinafika pagombe dzuwa litapendeka. Msodzi uja anandiseka ndiye anayamba kulowa m'madzi kudzagwira bwato. Anayang'ana dzanja la atsibweni, anayang'ana ine, ndipo sananene za chinangwa. Anawakweza panjinga n'kuthamanga nawo kuchipatala. Munga anauchotsa, dzanja linapulumuka, koma chala chimodzi chinauma mpaka kalekale.

Patapita masiku, tikubwerera ku Namitambo, ndinawafunsa atsibweni chifukwa chake anali phee m'bwato muja. Kodi sizinkawawa?

"Kuwawa? Mphwanga, theka la ulendo uja sindinkaona n'komwe. Maso anachita mdima, ndinkangomva mawu ako."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuza ukanabaya," anatero. "Ndipo tikanagona pamenepo tonse awiri."

Nthawi imeneyo ndinakwiya kuti anandibisira. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikumvetsa zimene anachita. Anandidziwa kuposa mmene ndinkadzidziwira ndekha: kuti ine ndikachita mantha ndimawonjezera mphamvu, ngakhale pamene mphamvuyo ndi imene ikundimiza. Khalidwe limeneli silinandithere. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anadwala mwakayakaya, ndipo ndinadzipeza ndikukalipira aliyense m'nyumba, mkazi wanga ndi odzazonda omwe. Mwanayo ankandiyang'ana, mantha anga akumulowa m'maso. Ndinatuluka panja, ndinasamba kumaso, ndipo nditabwerera ndinakhala pambali pake n'kumugwira dzanja. Mumtima munali mdima, koma pamene ankameza mankhwala ake movutikira, mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga anali odekha, ndipo mankhwalawo anawamwa onse.