Kakapu Koboola Kunsi

Ife matenanti tinali ndi manda athuathu kumalire a esiteti, kuseri kwa zigafa zoyanikamo fodya. Eni mudzi wa tsidya la msewu anakana kalekale kuti obwera tizigona pamodzi ndi makolo awo. Chabwino, tinavomera. Mwana wanga wamkazi ndinamuika kumeneko ali ndi zaka zitatu, chaka chomwe bambo ake anatsata ganyu ku Mchinji osabwererako. Pamtumbira tinazika kachidutswa ka lata kolembedwa dzina, ine n'kuvundikirapo kakapu kake kobiriwira komwera thobwa, nditakaboola kunsi ndi msomali kuti wina asakatole. Ndi mmene timachitira kwathu ku Phalombe.

Lamlungu lina nthawi yothyola fodya, ndikuchokera kutchalitchi, ndinati ndikazule udzu pamandapo. Mayo ine! Malata onse anali atazulidwa n'kuunjikidwa pamodzi ndi mitanda, mbale ndi makapu. Mitumbira anaisalaza ndi makasu, pansi pali see, ngati munthu akufuna kufesa nazale. Pa lata lalikulu analembapo ndi penti yofiira kuti: "Obwera, muzikafera kwanu."

Kutacha ndinakwera kabaza mpaka kupolisi ku Boma. Wapolisi anali mwana waulemu ndithu, sindingamunamizire. Anabwera kudzaona, nayamba kulemba: malata, mitanda, mbale, makapu.

"Nanga mawu awa simulemba?" ndinamufunsa.

"Tawaona, amayi. Koma mlandu ndi wowononga zinthu ndi kulowa m'manda."

"Ndiye mukuti anadana ndi malata? Malata anawalakwira chiyani? Adana ndi ife!"

Anangotolera zonse m'thumba la feteleza kuti zikakhale umboni. Kakapu kanapitanso momwemo. Sabata imeneyo mvula inagwa yosalekeza, udzu unamera ponseponse mofanana.

Anagwidwa amuna awiri a m'mudzi muja. Mmodzi ndinkamudziwa bwino, mkazi wake ndinasoka naye fodya m'chigafa chimodzi, tikugawana chinangwa. Tsiku la mlandu anzanga sanabwere, kapitawo anati fodya sangadzisankhe yekha. Ndinakhala ndekhandekha pabenchi, kumbuyo kwanga kutadzaza abale a ogwidwawo, akunong'onezana ndi kuseka kalankhulidwe kanga. Ndinasungulumwa tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro, chifukwa pamaliro anthu anandigwirako mkono.

Amuna aja anavomera, ati malowo anali munda wa agogo awo. Woweruza anawakalipira zolimba, anatchulanso mawu a penti aja kuti ndi nkhanza, nawapatsa miyezi yawo ya ndende. Anthu akuti ndinawina. Kuwina chiyani? Palibe anawafunsa kuti lata la dzina la mwana wanga analizula pati.

Mlandu utatha, kalaliki anandibwezera kakapu, atakamata kapepala ka nambala. Ndinafika nako kumanda masana dzuwa likuswa mtengo. Mkulu amene anakumba manda a mwana wanga anali atakwera kale lole yobwerera kwawo, fodya atagulitsidwa. Ndinayesa kuwerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa msuku wa m'mbali mwa manda, ndinagwada, ndinapapasa dothi pofuna pofewa. Ponse panali chimodzimodzi.

Mayi wina wa m'chigafa chathu, pondimvera chisoni, anati, "Ingoikani paliponse, anzanga, Mulungu akudziwa."

Ndinamuyankha moipa, mpaka lero sitilankhulana bwino. Paliponse? Ndivundikire kapu ya mwana wanga pamutu pa bambo wa eni ake?

Anzanga amene tinabwera limodzi onse anapita, ena kwawo, ena ku maesiteti a ku Mtunthama. Ine ndikadali pompano, ndipo si fodya akundisunga, fodya wandithyola msana kokwanira. Achimwene amatumiza uthenga kuti ndibwerere kumudzi. Ndibwerera bwanji, ndikatsanzike pati? Kakapu kali pazenera, kapepala ka nambala sindinakamatule. Lamlungu lililonse ndimapita ndi khasu, ndimalambula manda onse kuyambira pamsuku mpaka kumsewu, kuti penapake ndikhale ndamusesera mwana wanga.