Timabotolo tiwiri tofanana

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika ku Ivory Park, ndikuchokera kuchipatala kuja anamwalirira amuna anga, bambo a Grace, chaka chatha. Achipatala anandiimbira foni kuti ndipite, ine nʼkumaganiza kuti ndi za mapepala.

Adokotala anandikhazika pansi nʼkuika patebulo timabotolo tiwiri, msinkhu umodzi, zivindikiro zofanana. Akuti, "Mama, pa opaleshoni ija timafuna kuwabaya aka, koma mʼjekeseni munalowa aka. Tinalakwitsa ndife."

Abale, paja tonse timati anamwalira ndi BP!

Kenako anandionetsa kompyuta imene aika tsopano. Ili ndi kagetsi kofiira ngati ka patilu mʼshopu. Asanabaye munthu, amayamba aonetsa mankhwala pakagetsipo. Anaiyesa ine ndikuona. Ataonetsa kabotolo kolondola, inangotchula dzina lake. Ataonetsa kolakwika kaja, inalira kuti tii! tii! mpaka nesi amene amadutsa panja anasuzumira.

Ndinafunsa kuti, "Nanga chaka chatha inali kuti?" Akuti inali isanabwere. Sindinalire ayi, maso anali pa kabotoloko basi.

Tsopano akupempha kuti aziphunzitsa manesi ndi nkhani ya malemuwa, dzina ndi chithunzi chomwe, kuti zisadzachitikire wina. Ndawauza kuti dzinalo lili ndi eni ake.

Alamu a ku Doornfontein, inu ndinu akulu. Ndikavomera, nkhani ifika ndithu kwa amayi anu ku Machinga, ndipo iwo mpaka lero amadziwa kuti mwana wawo anapita ndi BP. Ndiwayankhe chiyani adokotala?