Makwinya a Tayala

A Odell Ragsdale sankalola galimoto kunyamuka pamzere woyambira mpikisano asanagwade n'kuika chikhatho m'mbali mwa tayala lakumbuyo. Ankatero akuyendetsa okha, ndipo sanasiye kutero ngakhale mwana wawo Renita atatenga chiwongolero. Mainjini anali atawagonthetsa kalekale. Chinawatsalira ndi dzanja ndi maso.

Matayala awo anali masiliki, osalala aja, ofewa m'mbali. Nyali yobiriwira ikayaka, siliki limayamba lachita makwinya, kenako n'kuluma phula. A Odell ankawerenga makwinyawo. Akachuluka ankapoperamo mpweya, akachepa ankaphwetsa pang'ono. Renita akabwerako, funso lake linali lomwelo: "Ababa, lati chiyani tayala?"

Kenako mwini bwalo lathu kuno ku Tennessee anayamba kuthira guluu wambiri pamsewu pofuna kukopa anyamata a maradiyala. Radiyala ndi tayala louma m'mbali. Pa guluu limamata n'kuthamanga koopsa, koma likangoterereka, zatha. Siliki pa guluu wotereyu linkagwedeza galimoto mpaka mano kuombana, ndipo Renita ankangogonja sabata ndi sabata.

"Madala, matayala anuwa afanana ndi khosi lanu," anaseka Dewey, yemwe ankapikisana ndi Renita. "Kadzalenimo maluwa pakhomo!"

A Odell sanamve. Renita anamva.

Tsiku lina akudya nyama yankhumba yootcha kuseri kwa ngolo yonyamulira galimoto, Renita anawayang'ana kumaso kuti aone milomo yake.

"Ndagula maradiyala, ababa."

"Amenewo sakhululuka."

"Nanga ndizingoluza choncho?"

"Ndiye ine ndiziona chiyani?"

"Kompyuta imaonetsa zonse," anayankha Renita ataweramira mbale. Bambo ake sanaione milomoyo, ndipo sanafunsenso.

Loweruka lotsatira ndinali kumpanda, pamalo anga akale. A Odell anagwada monga mwa masiku onse, chikhatho pa tayala latsopanolo. Anakhalitsa, akupapasa uku ndi uku, mpaka woyambitsa mpikisano anawagwira paphewa kuti asunthe. Nyali inayaka. Tayala silinachite khwinya ndi limodzi lomwe. Galimoto inangoti vuu, Dewey n'kutsala kutali. Anthu anakuwa.

Poti a Odell atembenuke, nsapato yawo inakanirira pa guluu, phazi n'kutuluka ndi sokosi yokha. Kukuwa kuja kunasanduka phwete. Anaizula ndi manja awiri, n'kuyenda motsimphina ataigwira m'manja.

Renita anabwerako akumwetulira. Anavula chipewa, n'kuwadutsa bambo ake kuthamangira pa kompyuta. Iwo anadikira funso lija. Litapanda kubwera, anaika nsapato pansi, n'kugwadanso pambali pa galimoto imene inali itazima kale. Anaika dzanja pa tayala lotenthalo, osalichotsa msanga.

Sindinawaonenso atagwada.