Makalata a Telala Wosadziwika

Pa Nkhotakota panalibe munthu wamantha ngati a Sufiyani, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Galimoto ya boma ikamadutsa ankaimirira mwaulemu, ngakhale itanyamula nkhuni.

Chaka china mayi Benedicta, mzamba wathu, ananena pamsonkhano kuti anyamata a chipani asiye kukakamiza amayi oyembekezera kugulira khadi la chipani mwana wa m'mimba. Anyamatawo analumbira kuti awatenthera nyumba iwo ali momwemo. Tonse tinasiya kuwapatsa moni, ndipo mayiwo anayamba kulongedza katundu.

A Sufiyani zinawawawa, chifukwa ana awo onse anabadwira m'manja amenewo. Anaganiza zolemba kalata yowalimbitsa mtima, yopanda dzina. Koma munthu woleredwa bwino angayambe bwanji kalata osafotokoza za kunyumba? Ndiye analemba kuti: "Kuno tili bwino, kupatula mayi akunyumba, a Habiba, amene bondo likuwavutabe, ndi makina anga amene akudula ulusi. Musachoke, mayi, munanena zoona. Ine wanu, Wosadziwika." Anailowetsa pansi pa chitseko pochokera kumzikiti m'mawa.

Masana mayi Benedicta anatulukira pakhonde paja ndi mankhwala opaka pabondo.

"Mwandidziwa bwanji?" ananong'ona a Sufiyani, thukuta lili kamukamu.

Kalata yachiwiri anailemba mochenjera kwambiri: "Za bondo sinditchulanso, koma mankhwala aja athandiza."

Mayiwo anabweranso. "Bambo Sufiyani, makalata anu ndimawerenga ndikulira, kenaka ndikuseka. Pa boma lonse lino ndinu nokha mukundiyankhula. Koma lekani, chonde. Anyamata aja akawapeza, sadzavutika n'kufunsa munthu."

A Sufiyani anatafuna ulusi.

"Ndiye kuti kubisala sindikutha?"

"Simukutha ngakhale pang'ono."

"Basi, ndikungowononga mapepala."

Mawa lake dzuwa lili pamutu tinawaona atasenza makina awo, akudutsa pakati pa msika. Anakawatula pakhonde la mayi Benedicta, n'kubwereranso kukatenga thumba la zosoka za anthu. Aliyense wofuna zovala zake anayenera kupita komweko, ndipo sungaime pakhonde la munthu osamupatsa moni. Tinapita ndithu, mwamanyazi. M'thumba lomwelo munalinso malaya atsopano a anyamata aja, osasokerera mabatani. Anabwera, anazungulira nyumba, anayang'ana malaya awo ali pachingwe pansi pa denga laudzu, n'kufunsa kuti atha liti.

"Mabatani akusowa, mabwana," anatero a Sufiyani.

Mabataniwo anasowa mpaka mvula inagwa, ndipo mayi Benedicta anamasula katundu wawo. Mantha a bambowo sanathe. Manja ankanjenjemera tsiku lililonse, moti mayunifolomu a ana athu chaka chimenecho anatuluka opotoka, mkono wina wautali, wina waufupi. Palibe kholo limene linabweza.