Tsiku Limene Joni Inayandikira

A Misheck Chirwa a ku Kaluluma anali munthu wosakhazikika. Ukawapeza m'chigafa akusankha fodya, tsamba lili m'manja koma maso ali kumsewu. Anabadwira pomwepo, kukwatira pomwepo, mkazi wawo kumuika pomwepo, ndipo ulendo wawo wautali unali wa ku okushoni basi.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Levison, anapita ku Joni chaka chomwe makuponi a feteleza anayamba. Bambo ake anamusungira munda wakatondo kumtunda kwa dambo. Kuno munda ukangogona abale amaulowerera, choncho mkuluyu ankaponyamo timizere ta mtedza chaka ndi chaka kuti uzioneka kuti uli ndi mwini. Yobe, mwana wa mlongo wawo, malovu anali chuchuchu.

"Amalume, mundawu ukungodyedwa ndi tsekera. Levison abweranso ngati?"

"Abwera," ankayankha choncho a Misheck. "Joni ndi kutali, iwe. Basi imadutsa mayiko, miyendo mpaka kutupa."

Kutaliko ndiye kunali mankhwala awo. Mwana sanawataye ayi, wangotsekerezedwa ndi mtunda.

Anawasokoneza ndi a Feggie, mayi wa pakamwa posatseka, pamzere wogula feteleza wa makuponi. Mwana wamkazi wa mayiyu anali atangobwera kumene pa ndege kuchokera ku Joni.

"Kutali kwake kuti?" anatero a Feggie, osafunsidwa n'komwe. "Tiyi wamwera ku Joni, nkhomaliro wadyera ku Lilongwe. Ifeyo pamzere pano tikhalitsa kuposa ndegeyo."

Anthu anaseka. A Misheck sanaseke nawo. Anachoka pamzerepo kuponi ili m'thumba, njinga n'kumaikankha ngati aiwala kuti imakweredwa. Sabata imeneyo sanaone mtendere. Akhale pansi, adzuke, apite kumunda kuja, abwereko, ndege ikadutsa m'mwamba aiyang'ane ndi mkwiyo ngati yawabera mbuzi. Mantha awo anali amodzi: ngati Joni ili pafupi chonchi, ndiye chikumuletsa mwanayo n'chiyani?

Potsiriza anakwera pachulu pomwe foni imagwira, namuimbira.

"Levison, akuti pa ndege kwanuko ndi pafupi. N'zoona?"

"N'zoona, adada," mnyamatayo anayankha akuseka. "Chaka chathachi pobwera ku ukwati wa mnzanga ku Lilongwe, ndinangoti kutsinzina pang'ono, basi tafika..."

Mawu anathera panjira. Pafonipo pankamveka magalimoto a ku Joni.

"Unafika ku Lilongwe," anatero a Misheck motsitsa.

"Adada, nthawi inali yochepa."

Sanamukalipire, ndipo zimenezo zinali zopweteka kuposa akanamutukwana. Anatsika pachulupo pang'onopang'ono, ngati nkhalamba yeniyeni, nalunjika kwa mlongo wawo. Yobe anamupeza akukhoma mpini wa khasu.

"Mvula ikagwa, ukalime munda uja," anatero. "Wonse."