Levison Afunditsa Marediyeta

Ku Smethwick, kudziko la azungu kuja, ndani sankamudziwa Levison, mkulu wa pakamwa uja? Ankagwira ntchito pa fakitale yopanga thovu lolimba lokutira mapaipi a pansi pa nyanja, kuti mafuta asazizire n'kuundana. Koma kunyumba kwake, abale inu, munkazizira ngati mufiriji!

"Bambo a Nathan, mapaipi mukuwasamala, ife ayi," adatero mkazi wake Winnie, nesi. "Zikapitirira ndikupita kwa achemwali ku Small Heath."

Levison adatenga zotsala za thovu n'kukuta marediyeta onse, zitsulo zotenthetsa m'nyumba zija, monga amachitira kuntchito. Zidagwiradi ntchito: kutentha konse kudatsekeredwa m'kati, osatuluka ngakhale pang'ono.

Winnie atabwera kushifiti adagwira rediyeta, adagwiranso mphuno ya Nathan, kenaka adatulutsa sutikesi.

"Mayi a Nathan, koma taonani ukadaulo wake!"

"Ukadaulowo mugona nawo."