Chipanda Chosatsukidwa ndi Sopo

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amalume anadzanditenga ku Katete kupita nane ku Livingstone. Bambo anali atamwalira, ndipo amayi sakanatha kutiphunzitsa tonse asanu. Pondiperekeza ku basi amayi sananene zambiri. Anangondigwira khutu, osalikoka, n'kunena kuti, "Misozi, nyumba imene ukupitayo mwini wake ndi mkazi wa amalume ako. Ukakawasowetsa mtendere akakubweza, ndipo sukulu yako idzathera pomwepo." Mawu amenewo ndinayenda nawo ulendo wonse, ndipo ndinafika nawo m'komboni ya Malota, kumene amalume ankakhala, ali amoyo.

Mkazi wa amalumeyo anali Mtonga wa ku Kalomo. Anthu ankawatchula kuti Bina Chipo, kutanthauza mayi wa Chipo, khanda limene anali nalo kumsana. Ine ndinkangoti ba Anti. Anali aatali, osaseka wamba, ndipo ntchito yawo inali yogulitsa mabisi pa msika wa Maramba. Mabisi ndi chimene kwathu timati chambiko, koma musakanene zimenezo pamaso pa Mtonga, mungayambane naye. Mkaka unkabwera m'mawa pa njinga kuchokera kumidzi ya kufupi ndi tauni. Ba Anti ankausefa pa nsalu yoyera, kuuwiritsa, kuusiya kuti uzizire, kenako n'kuuthira m'chipanda chachikulu cha khosi lopapatiza. Pakapita masiku awiri unkatuluka wolemera, wowawasa bwino, woti ngakhale mwana wokana kudya ankaumwa n'kupempha wina.

Khitchini yawo inali kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba, koma malamulo ake anali ochuluka kuposa a kusukulu. Mipeni inalipo iwiri: wa chigwiriro chomanga ndi waya unali wa nsomba ndi nyama basi, winawo wa masamba ndi tomato. Supuni yotakasira sinkafika pakamwa. Ukafuna kulawa mchere unkadonthezera msuzi pa kambale. Mbale zinkauma pa thandala padzuwa, osati kupukuta ndi chitenje chimene wavala. Posamba m'manja panalibe beseni loti tonse tiviikemo. Wina ankakuthirira madzi ndi jagi, ndipo amalume ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti akusamba ngati ali kuchipatala. Ine tsiku lachitatu lokha ndinagwidwa ndikunyambita supuni ya nyemba n'kuibwezera mumphika. Ba Anti sanakalipe. Anangotenga supuniyo, kuitsuka, n'kundiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya.

Chipanda cha mabisi chinkapachikidwa pachokha, chozondotsa, pa chikhomo cha pakhoma. Tsiku loyamba anandilozera n'kunena kuti, "Iyi ni insuwa yanga. Vonse vinangu ungasuke, koma iyi usaigwire. Wamvera?" Ndinavomera. Chifukwa chake sananene, ndipo ine sindinafunse. Mumtima ndinangoti sakundikhulupirira chifukwa ndine wobwera, mwana wa kuchimuna.

Koma maso ndinali nawo, ndipo ndinali mwana wodzimva nzeru. Ndinkaona kuti akakhuthula mabisi, chipandacho ankangochithira madzi owiritsa ofunda, kuchikhutchumula kangapo, n'kuchipachika. Sopo sankafikako. Tsiku lina ndinasuzumiramo mobisa. M'kati munali utoto wachikasu womata m'mbali monse, ndipo fungo lake linandibweza m'mbuyo. Ndinaseka chamumtima. Mayi wonditsutsa pa supuni imodzi ya nyemba, iye mwini akusunga zoterezi!

Inali nyengo ya mvula, ndipo chaka chimenecho nkhani ya kolera inali pakamwa pa aliyense. Kusukulu aphunzitsi athu a za pakhomo ankationa zikhadabo Lolemba lililonse ndi rula m'manja. Anatiuza kuti chiwiya chilichonse chonunkha ndi nyumba ya majeremusi, ndipo mankhwala ake ndi sopo, madzi otentha ndi mphamvu za mkono. Ndinamva ngati akunena za khitchini yathu. Pobwerera kunyumba ndinali nditapeza kale yankho: ba Anti sakutsuka chipandacho chifukwa dzanja lawo silingalowe pakhosi pake, ndipo akuchita manyazi kupempha. Langa linali laling'ono. Ndinaona kuti mwayi woti andikonde ndi umenewu.

Nthawi imeneyo ndinkalowa sukulu masana. M'mawa wina ba Anti anapita ndi Chipo ku sikelo, ndipo ine ndinatsitsa chipandacho. Ndinatenthetsa madzi pa mbaula, ndinathiramo sopo wa ufa wochapira zovala, ndi mchenga wodzaza manja awiri. Mchenga ku Livingstone sufunika kukaufuna kutali, umakupeza wokha pakhomo. Dzanja linalowa mpaka pachigongono. Ndinakwecha, ndinakwecha, mpaka zala zinachita makwinya ndipo utoto wachikasu uja unatuluka wonse. Ndinatsukuluza kanayi, ndinachiyanika padzuwa, n'kuchibwezera pa chikhomo chake. Ndinapita kusukulu ndikuyimba.

Ndinkayembekezera kuti aona okha n'kundiyamika. Koma Chipo anali atabayidwa jekeseni ndipo analira tsiku lonse, choncho ba Anti anathira mkaka wa tsikulo mothamanga, mwana ali kumsana, osasuzumiramo. Ine ndinkangomwetulira ndekha, kudikira mabisi okoma kuposa onse amene Maramba inalawapo.

Linali Loweruka m'mawa pamene ba Anti anamasula kansalu ka pakamwa pa chipandacho. Anathira pang'ono m'kapu. Zimene zinatuluka zinali madzimadzi otuwa okhala ndi timibulu, ndipo pamwamba panali kathovu. Ananunkhiza, analawa kunsonga ya lilime, n'kulavula. Fungo la sopo linandifika pamene ndinaima. Ananyamula chipandacho kupita nacho kudzala, n'kukhuthula zonse, kukwirira ndi dothi kuti ngakhale agalu asanyambite. Mabotolo amene ndinawatsukira dzulo lake anatsala opanda kanthu m'dengu. Anthu amene ankawadikira kumsika tsiku limenelo anadikira chabe.

Kenako analoza pakamwa pa chipandacho kudzuwa, n'kuyang'ana m'kati kwa nthawi yaitali.

"Kwanja kwanga sikungangene muno," anatero, osatembenuka. "Kwa amalume ako sikungangene. Kwa Chipo sikungafike pansi. Manje iwe Misozi, niuze, ni kwanja kwa ndani?"

"Ndi langa, ba Anti." Ndikanathera pomwepo zikanakhala bwino, koma pakamwa panga sipankadziwa malire. "Chimanunkha. Aphunzitsi anati chiwiya chonunkha chimabweretsa kolera."

Anakhala pa kampando, chipandacho chili pamiyendo, n'kumachisisita. "Iyi insuwa," anatero chapansipansi, "banipasa ni bamayo pamene ninakwatiliwa. Na beve banapasiwa na bamai bao. Sopo siinangenemo olo kamozi." Sanandikalipire. Ndinaona madzi m'maso mwawo.

Amalume, amene ankagwira ntchito ku njanji, anabwera masana kudzadya. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikumva zonse. Iwo anachita manyazi kwambiri, chifukwa mwana wobweretsa mavutoyo anali wa mlongo wawo. "Bina Chipo," anatero, "ngati mwanayu sakumva, tisavutike naye. Mwezi ukatha ndimukweza basi abwerere kwa amayi ake." Yankho la ba Anti sindinalidikire. Ndinalowa m'nyumba, ndinapinda madiresi anga awiri ndi yunifolomu, n'kuziika m'thumba limene ndinabwera nalo. Makope ndinawaika pamwamba, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikawagwiritsa ntchito yanji ku Katete. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula langa ndinali nditalidya lonse.

Amalume atabwerera kuntchito, ba Anti anaima pakhomo n'kuyang'ana thumbalo.

"Uyenda kuti?"

Ndinanyamula thumba langa.

"Bweza vovala ivo. Samba kumanja na sopo, utenge kapu ija ya chivinikiro, uisuke na manzi yobila. Tiyenda ku Maramba."

Tinayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukulowa m'mapatapata. Njira yonse ndinkadikira chilango. M'malo mwake anayamba kulankhula, mwina kuposa mmene anali atandilankhulirapo chifikire.

"Ba ticha bako sibananame," anatero. "Poto, mbale, mupeni, supuni, mabotolo, ivo vonse suka na sopo mpaka vilile. Koma insuwa ni yosiyana. Chija chamene unachosa mukati si doti, ni mbeu ya mabisi. Ine nimabilisa mukaka kuti vonse voipa vife. Manje chamene chimausandusa mabisi ni chija chili mu insuwa. Sopo imangena mu thupi ya insuwa, siichoka, na mbeu imafa."

Ndinafunsa, mwamantha, kuti nanga ukhondo wake ndi uti. Anawerenga pa zala: madzi owiritsa okha, dzuwa, kansalu koyera kowiritsa kotseka pakamwa, ndiponso kuti dzanja la munthu lisalowemo ngakhale litasambidwa chotani. Apo ndinazindikira kuti chiwiya chimene ndinkachiyesa chauve ndicho chinkasamalidwa kuposa zonse m'khitchinimo, ndipo chinthu chauve chokha chimene chinalowamo m'zaka zonsezo chinali mkono wanga ndi mchenga wa pabwalo pamene nkhuku zinkayenda.

Tinafika pa nyumba ya mayi wina wonenepa, Mlozi wa ku Senanga, amene ankatchedwa Bo Ma-Namakau. Ameneyu ankagulitsanso mabisi, benchi lake litayandikana ndi la ba Anti, ndipo awiriwa ankalimbirana makasitomala tsiku ndi tsiku. Komanso Atonga ndi Alozi ali pachibale chonyozana mwanthabwala, monga mmene ife a kum'mawa timachitira ndi Abemba. Atamva kuti tabwera kudzapempha kapu ya mabisi okhwima oti tikadzutsire chipanda, anawomba m'manja n'kufuula kuti oyandikana nawo amve.

"Bwelani muone! Mutonga abwela kupempha mabisi kuli Mulozi! Ng'ombe zanu zonse zija za ku Kalomo zayenda kuti, Bina Chipo? Nanga insuwa yanu yamene mumatinyadila nayo yachita bwanji?"

Ndinaweramitsa mutu. Ndinadziwa kuti tsopano dzina langa limveka Maramba yense, kuti kamtsikana ka ku Katete kanatsuka chipanda ndi sopo wochapira zovala. Ba Anti anaseka, koyamba tsiku limenelo, n'kuika dzanja paphewa panga.

"Nine nalakwisa, mulamu," anatero. "Mwana wanga uyu ni waukhondo maningi. Ninamuuza chabe ati usagwire, sininamuuze chifukwa."

Mwana wanga. Sananene kuti mwana wa alamu anga, kapena mlendo wathu wa kumudzi. Bo Ma-Namakau anapitiriza kuwaseka, akudzaza kapu ija mpaka pakamwa, koma ine sindinamvenso china. Ndinanyamula kapuyo ndi manja awiri kuchoka ku Maramba mpaka ku Malota, misozi ikutsika, ndikuopa kuti ingagwere pa chivindikiro.

Chipandacho sichinachire msanga. Tinachitsukuluza ndi madzi otentha m'mawa ndi masana kwa sabata yathunthu, kuchiyanika, kuchinunkhiza, kuyambiranso. Mkaka woyamba umene tinathiramo pamodzi ndi mabisi opempha aja tinautaya, wachiwirinso chimodzimodzi. Nthawi yonseyo benchi la ba Anti kumsika linali lopanda kanthu, ndipo ena mwa makasitomala awo anazolowera kwa Mlozi uja osabwereranso. Sanandikumbutse zimenezo ngakhale kamodzi. Ulendo wachitatu anathira m'kapu, analawa, n'kundipatsa kuti ndilawenso. "Siyafika pa ija ya bamayo," anatero, "koma izafika." Mwezi unatha, ndipo za basi ya ku Katete palibe anazitchulanso. Kuyambira pamenepo ntchito yotsukuluza chipandacho inakhala yanga, ndipo ndinaigwira mpaka ndinamaliza sekondale m'nyumba imeneyo.

Patapita zaka zambiri, pa phwando la ziwiya limene amayi amachitira mtsikana asanalowe m'banja, anthu anandipatsa mapoto onyezimira ndi mbale za galasi. Ba Anti anabwera pomalizira, imvi zitayamba, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Atsikana anzanga anaseka ataona kuti ndi chipanda chakale chakuda. Ba Anti anagwada, anachiika m'manja mwanga, n'kundinong'oneza kuti, "Sopo iyayi."

Lero ndikudziwa kuti ukhondo si kukwecha chilichonse chimene chakununkhira. Ndi kudziwa chiwiya chilichonse, ntchito yake ndi chimene chimachiwononga, ndipo ukapanda kudziwa, kufunsa. Mipeni m'khitchini mwanga ndi iwiri, ndipo ana anga amadziwa kuti supuni yotakasira siifika pakamwa. Koma chimene ndimayamika kwambiri si malamulowo. Mayi uja anataya cholowa cha amayi ake chifukwa cha ine, anali ndi chifukwa chokwanira chondibwezera kumudzi, koma anasankha kusenza mlandu wanga pamaso pa mnzake wopikisana naye kuti ine ndikhalebe pasukulu.

Chaka chatha mwana wa mchemwali wa amuna anga anabwera kudzakhala nafe, thumba lake lili m'manja, maso ali pansi. Tsiku loyamba lomwelo ndinatsitsa chipanda chija pa chikhomo, ndinamununkhitsa, ndinamuonetsa utoto wachikasu wa m'kati. Kenako ndinamukhazika pansi, n'kumuuza chifukwa chake.